Tambala Asamakwere Ana Ake: Malangizo kwa Oweta Nkhuku ku Mgona

M'makomo ambiri ku Mgona ulimi wa nkhuku umayamba ndi thadzi limodzi ndi tambala mmodzi, kawirikawiri zochokera kumudzi. Chaka choyamba zimaswana bwino. Pofika chaka chachitatu, thadzi limafungatira mazira 12 koma n'kuswa anayi kapena asanu, ena onse osukusa. Anapiye ena amatuluka opindika zala, ena amafa sabata isanathe. Njala ndi matenda zimachititsa zimenezi, koma palinso gwero lina limene ambiri saliganizira: tambala uja wakhala akukwera ana ake, kenako zidzukulu zake.

Nkhuku iliyonse imatenga theka la chibadwa chake kwa tambala, theka lina kwa thadzi. Chofooka chobisika mwa kholo limodzi sichionekera ngati kholo linalo lilibe. Koma makolo akakhala a magazi amodzi, onse awiri akhoza kukhala nacho, ndipo chikatero chimatulukira mwa ana ena. Vutoli limagwiranso abakha, nkhumba ngakhale nsomba za m'madamu. N'chifukwa chake alimi a makumba ndi chilunguni amalangizidwa kukatenga mbewu yatsopano kumalo monga Domasi ku Zomba kapena ku Bunda, osamangotapa m'damu lomwelo chaka ndi chaka.

Tambala asapitirire chaka chimodzi pakhomo

Msoti wachikuda umayamba kuikira ukakwana miyezi 6 kapena 7. Ukamafika pamenepo, bambo wake akhale atachoka. Mugulitseni, mumuphe kapena mumusinthanitse. Atambala aang'ono obadwira pakhomo pomwepo achokenso asanayambe kulira, chifukwa adzakwera alongo awo. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10.

Watsopano achokere kutali

Ku Mgona nyumba n'zothithikana, ndipo nkhuku za makomo asanu zimapalasa padzala limodzi. Tambala wa aneba akhoza kukhala mwana wa thadzi lanu lomwe. Kusinthana ndi khomo loyandikana sikuthandiza kwenikweni. Sinthanani ndi mnzanu wa ku Chinsapo, Kawale kapena Area 23, kapena mukagule ku Mitundu tsiku la msika. Funsani wogulitsa kumene nkhukuyo yachokera.

Wabwino ndiye wosunga

Khrisimasi ikamayandikira, ambiri amagulitsa tambala wamkulu chifukwa ndiye wa ndalama, n'kusiya katambala kakang'ono kuti kakhale mbewu. Mukatero chaka chilichonse, nkhuku zanu zidzanka zichepa msinkhu. Pogula kapena posinthanitsa, sankhani wa chifuwa chotambalala, miyendo yowongoka, lipombo lofiira ndi maso owala. Mwa mathadzi, sungani amene amaswa mazira ambiri ndi kulera bwino anapiye.

Mlendo ayambe wakhala payekha

Nkhuku ya kumsika ikhoza kubweretsa chitopa n'kupulula khola lonse, makamaka m'miyezi yotentha. Itsekereni payokha masabata awiri mukuiyang'anira. Nkhuku zonse zizilandira katemera wa I-2, wodontheza m'diso, miyezi inayi iliyonse. Alangizi a ziweto akuuzani kumene akupezeka.

Za nkhuku za mikolongwe

Izi ndi Black Australorp, zimene boma lakhala likuswetsa ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu ndi ku Bwemba mu Lilongwe. Tambala wa mtunduwu amabereka ana okulirapo, koma amafuna chakudya chokwanira, osati madeya okha. Musataye mathadzi achikuda, pakuti ndiwo odziwa kufungatira ndi kudzisakira chakudya.

Akalulu ndi nkhunda

Kalulu amaswa pakatha masiku pafupifupi 31, choncho chibale chimafalikira msanga. Patulani aamuna ndi aakazi akakwana miyezi itatu, ndipo wamwamuna wokweretsa achokere kwina. Nkhunda imaikira mazira awiri, ndipo maunda awiriwo akakula nthawi zina amatengana. Sinthanitsani limodzi ndi woweta wina.

Dziwani mwana wa yani

Mangani kaulusi pamwendo wa misoti, mtundu umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, ndipo lembani m'kope mwezi umene tambala anafika. Popeza nkhuku za makomo oyandikana zimayendera limodzi, gwirizanani mabanja anayi kapena asanu kuti muzichotsa atambala akale mwezi umodzi. Januwale ndi nthawi yabwino yobweretsa watsopano: mukagulitsa akalewo pa Khrisimasi, patulanipo ndalama ya tambala watsopano musanagule china chilichonse.