Madzi Opanda Tizilombo: Werengani Botolo Musanatsegule

Mukayamba kuphunzira ntchito m'wodi, mudzapeza timabotolo ta mamililita 5 kapena 10 tolembedwa kuti Water for Injection. Madzi amenewa amachita kutchezedwa kufakitale, ndipo mulibe tizilombo, mchere kapena mankhwala alionse. Pooneka sasiyana ndi saline, koma kusokoneza ziwirizi kungathe kuphetsa wodwala.

Ntchito yake m'chipatala

Ntchito yaikulu ndi kusungunulira mankhwala a jakisoni amene amabwera ali ufa, monga benzylpenicillin ndi ceftriaxone. Kuchuluka kwa madzi oyenera kuthira kumalembedwa pa pepala la mankhwalawo, choncho musamachite kuyerekeza. Madziwa amagwiranso ntchito pofufumitsa kabaluni kamene kamagwira katheta m'chikhodzodzo. Apa sitigwiritsa ntchito saline, chifukwa mchere wake ukhoza kuundana n'kutseka kanjira, kabaluniko n'kukana kuphwa pa tsiku lochotsa.

Palinso mabotolo aakulu olembedwa kuti Water for Irrigation. Awa ndi otsukira zilonda, ndipo si obayira jakisoni ngakhale kuti alibe tizilombo.

Pamene pali ngozi

Madzi opanda tizilombo saikidwa okha mu diripi. Saline ali ndi mchere wa 0.9 peresenti, umene ndi wolingana ndi mphamvu ya madzi a m'magazi. Madzi opanda mchere akalowa ambiri mumtsempha, maselo ofiira amawamwa, n'kutupa mpaka kuphulika. Mkodzo umada, impso zimatha kuwonongeka, ndipo wodwala akhoza kumwalira.

Samalaninso ndi katemera. BCG ndi katemera wa chikuku amabwera ndi madzi ake osungunulira ochokera kwa wopanga. Akasowa, musalowetsepo ena. Katemerayo akasungunulidwa, wotsala amatayidwa pakatha maola 6. Nako kabotolo ka madzi a jakisoni kakangotsegulidwa, gwiritsani ntchito nthawi yomweyo ndi kutaya otsala.

Wodwala akabwerera kunyumba

Achibale odwazika matenda adzakufunsani madzi oyenera kugwiritsa ntchito. Potsuka chilonda chaching'ono, auzeni abwatitse madzi kwa mphindi imodzi, awasiye azizire ali ovindikira, ndipo asambe m'manja ndi sopo asanagwire chilondacho. Madzi omwewo ndi abwino kusungunuliramo paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi. Koma anenetseni kuti madzi owiritsa pamoto si a jakisoni. Kuwiritsa kumapha tizilombo tambiri, koma sikuchotsa poizoni amene mabakiteriya akufa amasiya, yemwe akalowa m'magazi amatenthetsa thupi kwambiri.

Mafunso obwereza

1. Kodi chimachitika n'chiyani ku maselo ofiira akakumana ndi madzi opanda mchere?
2. Madzi osungunulira katemera wa chikuku atha, amayi ali pamzere ndi ana kumsana. Inu muchita chiyani?