Kupempha thandizo la maphunziro kunja: phunziro kwa aphunzitsi a Chingerezi muno mu Dzaleka

Ndimaphunzitsa Chingerezi muno mumsasa, ndipo chaka chilichonse aphunzitsi anzanga amandibweretsera mafomu opemphera thandizo loti akaphunzire kapena kukachita kafukufuku kunja. Mafomu ambiri amagwa Chingerezi chake chisanawerengedwe n'komwe, chifukwa mwini wake wagogoda pakhomo lomwe silinatsegulidwire othawa kwawo. Choncho musanalembe kalikonse, werengani kaye ndime yofotokoza amene ali oyenera kupempha.

Titenge Chevening, thandizo la boma la Britain la digiri yachiwiri. Limafuna kuti mukamaliza maphunziro mubwerere kudziko lomwe ndinu nzika yake n'kukakhalako zaka zosachepera ziwiri. Kwa munthu amene anathawa ku Congo kapena ku Burundi, limeneli ndi lonjezo loti sangalikwaniritse, ndipo sindilangiza aliyense kusainira chinthu chotere. Thandizo la Commonwealth, lomwenso ndi la ku Britain, limanena mosiyana: limalandira nzika komanso munthu amene dziko la mu Commonwealth linamuvomereza kuti ndi wothawa kwawo. Malawi ali mu Commonwealth. Komabe werengani malamulo ake onse a chaka chimenecho, chifukwa amafunsanso za komwe mumakhala mokhazikika.

Mawu oti "kuvomerezedwa" ndi amene amapatula anthu. Amene mukudikirabe yankho la boma pa pempho lanu lokhala ngati othawa kwawo simunafike pamene pali mnzanu yemwe anavomerezedwa kale. Mapologalamu ambiri amafuna wovomerezedwayo. Funsani ku ofesi kuti nkhani yanu ili pati musanataye miyezi pa fomu.

Makomo otsegulidwira ife alipo. WUSC yakhala ikutengera ophunzira othawa kwawo ku Canada kuyambira 1978, ndipo amakafika kumeneko ndi chilolezo chokhala mokhazikika, koma imatenga achinyamata osakwatira komanso opanda ana. DAFI, ya boma la Germany, inayamba mu 1992 ndipo imalipirira digiri yoyamba m'dziko lomwe munthu wathawirako. Ena amainyoza chifukwa siikweza ndege, koma popanda digiri yoyamba simungapemphe UNICORE, yomwe imatengera othawa kwawo ku mayunivesite a ku Italy kukachita digiri yachiwiri.

Pamene ndimachedwapo kwambiri ndi pa kalata yofotokoza za inu. Ambiri amadzaza tsamba lonse ndi nkhondo ndi ulendo wothawa. Zimenezo n'zoona ndipo n'zowawa, koma amene akuwerenga ali ndi makalata ena ochuluka onena zomwezo, ndipo iye akufunafuna mphunzitsi. Mbiri ya kuthawa ikwane m'ziganizo ziwiri kapena zitatu. Malo otsalawo muuzeni zimene mumachita m'kalasi: ana angati, a zaka zingati, mabuku angati, ndipo mumatani mwana akamaganiza m'Chiswahili, kunyumba akulankhula Chirundi kapena Chinyarwanda, makolo ake anaphunzira m'Chifalansa, pabwalo akusewera m'Chichewa, koma mayeso a MSCE akuwalemba m'Chingerezi. Mphunzitsi wa ku London sanaimepo m'kalasi yotere. Chimenecho ndi chuma chanu.

Funso la kafukufuku lichokerenso m'kalasi momwemo, ndipo likhale laling'ono. "Mavuto a maphunziro a othawa kwawo mu Africa" si funso, ndi nyanja. Koma kufufuza ngati ana a Sitandade 5 amamva bwino nkhani ya Chingerezi mukayamba mwaifotokoza m'Chiswahili, limenelo ndi funso loti munthu mmodzi angaliyankhe m'chaka chimodzi. Ndasankha Sitandade 5 dala, poti m'sukulu za m'Malawi ndi pamene maphunziro amayamba kuperekedwa m'Chingerezi.

Za mayeso a IELTS: ali ndi zigawo zinayi, kumvetsera, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo malikisi amathera pa 9. Mayunivesite ambiri amafuna 6.5 pa digiri yachiwiri, ndipo maphunziro a uphunzitsi wa Chingerezi nthawi zina amafuna kuposera apo. Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye musathamangire kulemba musanadziwe komwe mukupempha. Aphunzitsife timapunthwa pa kulemba, osati chifukwa cha galamala koma nthawi: mawu 250 m'mphindi 40. Yesererani ndi wotchi.

Makalata okuikirani umboni apempheni kudakali mwezi wathunthu, kwa munthu amene anakuonani mukuphunzitsa, monga mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu, osati munthu wa udindo waukulu amene sakudziwani. Mapepala a m'Chifalansa, monga Diplôme d'État, amafunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Onetsetsani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa satifiketi ndi pa mapepala anu a kuno. Ngati zasiyana, kakonzetseni ku ofesi musanatumize fomu. Musakapemphe pasipoti ku ofesi ya kazembe wa dziko lomwe munathawa, chifukwa zingaike pachiswe chitetezo chanu; othawa kwawo amayendera chiphaso chapadera cha pansi pa mgwirizano wa 1951.

Mafomu a WUSC, DAFI ndi UNICORE sagulitsidwa. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akuikeni pamndandanda, kaneneni ku ofesi ya UNHCR kapena ponyani kalata m'bokosi la madandaulo.