Phunziro la Zaumoyo: Chiwindi Chanu Chimadziwa Nthawi

Phunziro la lero ndi la inu amene mumachezera usiku pa ntchito: alonda, anamwino, madalaivala odikira pa malire a Zóbuè ndi Calómuè, komanso inu amene munazolowera kudya nsima anzanu atagona kale.

Thupi la munthu lili ndi wotchi yake yoyenda maola pafupifupi 24. Wotchi yaikulu ili mu ubongo, ndipo imatsatira kuwala kolowa m'maso. Ndiyo imatibweretsera tulo kukada ndi kutidzutsa kukacha.

Chiwindi nachonso chili ndi wotchi yake, koma iyo imatsatira kwambiri nthawi imene timadya. Masana tikadya, chiwindi chimasunga shuga wina kuti adzagwire ntchito mtsogolo. Usiku tikagona, chimatulutsa shugayo pang'onopang'ono m'magazi kuti ubongo usasowe mphamvu.

Tikudziwa bwanji zimenezi? M'chaka cha 2000, asayansi a ku Geneva anayesa pa mbewa. Mbewa zimadya usiku, koma iwo ankazipatsa chakudya masana okha. Patapita masiku owerengeka, wotchi ya chiwindi inatembenuka, pamene ya ubongo sinasinthe. M'chaka cha 2012, ku California, magulu awiri a mbewa anapatsidwa chakudya chamafuta chofanana. Zimene zinkadya nthawi iliyonse zinanenepa ndipo chiwindi chawo chinadzaza mafuta. Zimene zinkaloledwa kudya maola 8 okha usiku, pa nthawi yake, zinatetezeka.

Munthu si mbewa, komabe kwa anthu kwapezekanso kuti ogwira ntchito usiku kwa zaka zambiri amadwala kawirikawiri matenda a shuga, kunenepa kwambiri ndi mafuta m'chiwindi. Ubongo ukamati ndi nthawi yogona, m'mimba mukulowa nsima, thupi limasokonezeka ngati gule wa ng'oma ziwiri zosagwirizana. Choopsa n'chakuti mafuta m'chiwindi sapweteka poyamba. Munthu amatha zaka osadziwa.

Ntchito simungaisiye, pakuti ana afunika kudya. Koma mungathe kuchita izi:

1. Idyani chakudya chachikulu madzulo musanayambe ntchito, osati pakati pa usiku.
2. Njala ikakupwetekani usiku, idyani pang'ono, monga nthochi kapena mtedza wosawola, ndipo muzimwa madzi m'malo mwa zakumwa zotsekemera.
3. Muzidya pa nthawi zofanana tsiku lililonse.
4. Mukaweruka m'mawa, kagoneni m'chipinda chamdima. Apabanja akuthandizeni poletsa phokoso.
5. Musamwe kachasu pofuna kuitana tulo. Mowa umawonjezera mtolo pa chiwindi chotopa kale.

Mukaona maso achikasu, mimba yotupa kapena mkodzo woderako kwambiri, pitani kuchipatala msanga. Ngati mwagwira ntchito ya usiku kwa zaka, pemphani kuti akuyezeni shuga.

Funso loti mukambirane m'gulu lanu la amvetseri: kunyumba kwanu, nsima yamadzulo imapsa nthawi yanji, ndipo n'chiyani chimaichedwetsa?