Phunziro: Dimba la Kandolo pa Sukulu Yathu

Abale ndi alongo, chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinasiya nkhokwe zathu zopanda kanthu. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, pakuti chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda. Ana athu kuno ku Chongwe adzakumananso ndi zaka zotere. Kodi tikuwakonzekeretsa bwanji? Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Munda wa pasukulu si chinthu chachilendo. Mu 1975 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti sukulu zonse zizilima. Koma mwana amene amapatsidwa khasu pokhapokha akalakwa amakula akudana ndi ulimi. Dimba likhale malo ophunzirira, osati a chilango.

Tasankha kandolo, amene ena amati mbatata, chifukwa akamera bwino amapirira ng'amba kuposa chimanga. Masamba ake, kholowa, ndi ndiwo. Kandolo wofiira mkati ali ndi vitamini A, amene amateteza maso ndi thupi la mwana.

Kabzalidwe

Tibzale mu January sukulu zikangotsegulidwa, kuti tikolole mu May, patapita miyezi 4 kapena 5. Mizere italikirane masentimita 90. Tidule zingwe zopanda matenda zotalika masentimita 30, tikwirire mfundo zitatu m'dothi, ndi kusiya masentimita 30 pakati pa chingwe ndi chinzake.

Zimene ana aphunzire

1. Madzi. Ana aike chitini cha m'mbali mowongoka pabwalo, ayeze mvula ndi rula m'mawa uliwonse ndi kulemba m'kope. Mzere umodzi auphimbe ndi udzu, wina ausiye. Mvula ikadula sabata imodzi, apise chala m'mizere yonse iwiri, anene okha umene wasunga chinyezi.

2. Dzuwa. Avundikire mmera umodzi ndi chidebe kwa sabata imodzi. Masamba ake adzasanduka achikasu. Tsamba limapanga chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa, mpweya ndi madzi, ndipo chotsala chimasungidwa m'mizu. Mizu yonenepayo ndiye kandolo amene timadya.

3. Tizilombo. Dothi likauma limang'ambika, ndipo nankafumbwe wa kandolo amalowera m'ming'aluyo kukaikira mazira. Kandolo woboola amawawa. Ana akwirire ming'alu ndi dothi. Aphunzirenso kuti nyongolotsi ndi bwenzi, pakuti zimafewetsa nthaka.

4. Mbewu. Chilimwe chathu ndi chachitali, ndipo zingwe zimauma kapena kudyedwa ndi mbuzi. Pokolola ana asankhe kandolo wocheperako wopanda zilonda, amusanje m'beseni la mchenga wouma, alisunge m'chipinda chozizira. Kukatsala masabata 6 mpaka 8 kuti mvula igwe, amukwirire pafupi ndi chitsime cha sukulu ndi kumathirira. Adzaphuka zingwe zatsopano, ndipo mwana aliyense adzapita nazo kwawo.

Udindo wathu

Aphunzitsi paokha sangathe zonsezi. Sukulu zimatsekera kumayambiriro kwa December, pamene zingwe zikufunikabe kuthiriridwa ngati mvula yachedwa. Mpingo usankhe mabanja oyandikana ndi sukulu kuti azisinthana kuthirira. Madodana amange mpanda wotchinga mbuzi, amayi a chigwirizano apereke mbewu yoyamba. Zokolola zidyedwe ndi ana amene anazilima, ndipo zogulitsa zilembedwe poyera.

Mafunso okambirana

1. Ndi mabanja angati mu mpingo mwathu amene anapulumutsa mbewu ya kandolo m'chilala cha 2024? Anaisunga bwanji?

2. Kodi pa sukulu yapafupi ndi ife pali madzi ndi mpanda? Ngati palibe, tiyambe ndi chiti?

3. Ndani mwa ife apite kukalankhula ndi mphunzitsi wamkulu mwezi uno?