Chisumbu cha Réunion ndi Mapiri Ake

Abale, munthu akachoka pa gombe la Mozambique kulinga kum'mawa, ayamba wafika ku Madagascar. Akapitirira makilomita ngati 700, apeza chisumbu chaching'ono chotchedwa Réunion, cholamulidwa ndi France. Chisumbuchi chinabadwa ndi moto. Pansi pa nyanja panaphulika chiphalaphala, ndicho miyala yosungunuka ngati phala, ndipo chinaunjikana zaka zosawerengeka kufikira mulu wake unatulukira pamwamba pa madzi.

Mapiri ake aakulu ndi awiri. Piton des Neiges linazima kalekale; msinkhu wake ndi mamita 3,070, ndiko kupambana pang'ono Sapitwa wa pa Mulanje. Linzake, Piton de la Fournaise, likali lamoyo. Alendo alawirira mbandakucha kuti akalione mitambo isanalikute, napyola chipululu cha mchenga wofiirira chopanda mtengo. M'chaka cha 1977 chiphalaphala chake chinatsikira m'mudzi wa Piton Sainte-Rose, chinazinga tchalitchi, chinalowa pang'ono pakhomo, koma nyumbayo sinagwe. Mu 2007 nsonga ya phirilo inatitimira, nisiya dzenje lakuya koposa mamita 300.

Koma chimene tifuna kuti muchisamalire m'phunziro ili ndicho zigwa zitatu zozinga phiri lozima lija: Salazie, Cilaos ndi Mafate. Zili ngati miphika yaikulu, m'mbali mwake muli maphompho oti chilili. Zinakumbika ndi kugumuka kwa nthaka ndi mvula, pakuti mvula ya kumeneko si yamasewera: mu January 1966, pamalo potchedwa Foc-Foc, inagwa yokwana mamilimita 1,825 pa tsiku limodzi lokha, yoposa imene midzi yathu yambiri ilandira chaka chathunthu. Ku Salazie mathithi atsika m'makoma obiriwira ngati nsalu zoyera zoyanikidwa. Ku Mafate kulibe msewu. Wofuna kufikako ayenda pansi, kapena akwera helikopita.

Nanga anayamba kukhala m'malo ovuta otere ndani? Ndiwo akapolo othawa. Afalansa anagula anthu ku Madagascar ndi ku magombe a Mozambique kuti awalimire khofi, ndipo pambuyo pake nzimbe. Ena mwa iwo anakana goli, nakwera m'maphompho muja, namanga misasa, nabzala zakudya m'malo obisika. Eni minda anatuma osaka amfuti kukawalonda ngati nyama. Ambiri anaphedwa, ena anagwidwa nadulidwa makutu. Dzina la Mafate, ati, ndilo la mmodzi wa atsogoleri a othawawo. Ukapolo unathetsedwa pa chisumbupo pa 20 December 1848, ndipo tsikulo alikumbukira chaka ndi chaka ndi nyimbo ndi ng'oma.

Mu 2010 bungwe la UNESCO linawerengera mapiri ndi zigwa zimenezi pamodzi ndi chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo oyenda ku Mafate agona m'timidzi ta m'chigwamo, nakwera ndi kutsika tinjira ta m'maphompho masiku awiri kapena atatu asanaonenso galimoto.