Mafunso ndi Mayankho: Inshulansi ya Mfuti Zosunga Pakhomo

Wowulutsa: Sabata ino makalata akhudza mfuti, ndipo muno ndili ndi mayi amene ntchito yawo ndi ya inshulansi. Mayi, kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mchinji. Akuti: "Malemu bambo anga anandisiyira mfuti zitatu. Ina ndi yachifefe, ina ndi Lee-Enfield .303, yachitatu ndi ya gogodela ya agogo. Nyumba ndi katundu ndinaika kale pa inshulansi. Kodi mbala zikaba mfutizi ndidzalandira chipukuta misozi?"

Katswiri: Zikomo bambo. Ndiyambe ndi funso kwa eni kalatawo: ziphaso za mfutizo zili m'dzina la ndani? Kuno ku Malawi mfuti sayisunga popanda chilolezo cha apolisi, ndipo chiphaso cha malemu sichisanduka cha mwana chifukwa choti maliro atha. Kampani ya inshulansi silipira chinthu chimene munthu amasunga mophwanya lamulo. Choncho ulendo woyamba ukhale wa kupolisi, mukafotokoze za mfuti zonse zitatu, ndi ya gogodela yomwe. Musanene kuti ndi yakale, yongokongoletsa nyumba. Apolisi ndiwo anene mmene muisungire.

Wowulutsa: Nanga mapepala akalongosoka, inshulansi ya nyumba ija ikwanira?

Katswiri: Kawirikawiri ayi. Inshulansi ya katundu wa m'nyumba imaika malire pa zinthu zazing'ono koma zodula, zimene mbala imanyamula mosavuta. Ku America, kumene anthu osunga mfuti ndi ambiri, mapangano ochuluka a inshulansi ya nyumba amalipira ndalama zosapitirira $2,500 pa mfuti zobedwa, ngakhale zitakhala khumi. Makampani ena mfuti sazilandira n'komwe. Ndiye afunse kampani yawo, ndipo yankho libwere lolembedwa. Ikavomera, mfuti iliyonse ilembedwe payokha: mtundu wake, amene anaipanga, nambala yodindidwa pachitsulo ndi mtengo wake. Ajambule zithunzi, ndipo mapepala ena akawasunge kwina, kuti moto ukabuka asapsere limodzi ndi nyumba.

Wowulutsa: Kalata yachiwiri ndi ya mayi wa ku Blantyre. Akuti amuna awo anaika mfuti zawo zosakira pa inshulansi mu 2021, ndipo chaka chilichonse amangolipira osasintha kalikonse. Akufunsa ngati pali vuto.

Katswiri: Vuto lilipo, mayi anzanga. Mfuti ndi katundu wochokera kunja, mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, koma mtengo umene munalembetsa uli pomwepo. M'mapangano ambiri muli mfundo yoti ukalembetsa mtengo wochepa, amakulipiranso mochepa. Tiyerekeze kuti mfuti zonse lero ndi za K10 miliyoni, inu munalembetsa K5 miliyoni. Mbala zikatenga za K4 miliyoni, kampani ikupatsani K2 miliyoni yokha, chifukwa munateteza theka la katunduyo. Pitani kwa ogulitsa mfuti ovomerezeka akuwerengereni mtengo wa lero, auike pakalata. Ngati pali mfuti yakale yosowa, pemphani kuti mugwirizaniretu mtengo wake ndi kampani ngozi isanachitike, chifukwa yotere simungaipeze m'sitolo kuti muyerekeze.

Wowulutsa: Pamenepa omvera ena afunsa kuti, kodi inshulansi imalipira chilichonse chogwera mfuti?

Katswiri: Ayi. Imalipira kuba, moto ndi ngozi zotchulidwa m'pangano. Dzimbiri la nthawi ya mvula, chiswe kudya mtengo wa mfuti, kapena kutha chifukwa chokalamba, zimenezo ndi za mwini. Komanso inshulansi ya katundu ndi yosiyana ndi yolipira munthu amene wavulala. Mfuti ikalira mwangozi kokasaka n'kuvulaza mnzanu, pamafunika pangano lina. Kuwombera munthu mwadala palibe kampani imene ingakulipirireni.

Wowulutsa: Yomaliza yachokera ku Pretoria. Mnyamata wakwathu amagwira ntchito panyumba pa abwana amene ali ndi mfuti zambiri zakale. Akuti abwanawo akufuna kumupatsa imodzi ngati mphatso. Aiike bwanji pa inshulansi?

Katswiri: Achimwene, musailandire kaye. Ku South Africa kuli lamulo la Firearms Control Act la 2000. Kuti munthu apeze chiphaso ayenera kukhala nzika, kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndipo amayamba wapeza kalata yotsimikiza kuti ndi woyenera kugwira mfuti. Wosunga mfuti zambiri ngati abwana anuwo amakhala ndi chiphaso cha gawo 17 la lamulolo, ndipo amayenera kukhala membala wa bungwe lovomerezeka la osunga mfuti. Mfuti zimakhala m'bokosi lachitsulo lokhoma, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi, ndipo imodzi ikabedwa mwini amakanena kupolisi pasanathe maola 24. Makampani a inshulansi amafunsa zonsezi. Mukangoinyamula popanda chiphaso m'dzina lanu, imeneyo ndi ndende, ndipo kuwoloka nayo malire kubwera kuno ndi mlandu winanso.

Wowulutsa: Mayi, mawu anu otsiriza kwa omvera.

Katswiri: Mukaberedwa, thamangirani kupolisi, mutenge lipoti, kenako dziwitsani kampani msangamsanga. Kampani ikakana kulipira inu mukuona kuti yalakwa, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshulansi. Koma lero lomwe, tulutsani ziphaso zanu muone ngati sizinathe, mfuti muzikhomere pamodzi, zipolopolo pena, ndipo makiyi asafike m'manja mwa ana.