PHUNZIRO 6: SINGANO NDI ULUSI ZINACHITIRA UMBONI CHOONADI

Cholinga
Tizindikire kuti luso la amayi ndi lolemekezeka, ndipo lingathe kuteteza ufulu wachibadwidwe.

Mawu oyamba
Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, zojambula ndi zosema za amuna ndizo zinkatchedwa luso lapamwamba. Kupeta nsalu kunkaonedwa ngati ntchito wamba ya pakhomo. Nsalu yotchuka ya ku Bayeux, yotalika pafupifupi mamita 70, imafotokoza za nkhondo ya 1066, koma maina a amene anaipeta sanalembedwe paliponse.

Zimene zinachitika ku Chile
Pa 11 September 1973, asilikali motsogozedwa ndi Augusto Pinochet analanda boma. Anthu ambiri anamangidwa, ena anaphedwa, ena anangosowa. Nyuzipepala zinatsekedwa pakamwa. Mu 1976, Kadinala Raúl Silva Henríquez anakhazikitsa bungwe la Vicaría de la Solidaridad mu arkidayosizi ya Santiago kuti lithandize ozunzika.

Amayi amene amuna kapena ana awo anasowa ankasonkhana m'timagulu tothandizidwa ndi Mpingo. Ankatenga ziguduli ndi zigamba, nthawi zina za zovala za osowawo, nasoka zithunzi zotchedwa arpilleras. Pa nsaluzo ankaonetsa asilikali akugwira anthu, ana akudyera pamodzi chifukwa cha njala, ndi amayi akufunsa komwe kuli abale awo. Bungwelo linkagula nsaluzo n'kuzigulitsa kunja. Motero mabanja anapeza chakudya, ndipo maiko ena anaona zimene boma linkabisa. Ulamuliro wa Pinochet unatha mu 1990. Lero zina mwa nsaluzi zimasungidwa m'nyumba yokumbukira nkhanzazo, imene inatsegulidwa ku Santiago mu 2010.

Tiphunzirepo chiyani?
1. Ntchito siichepa chifukwa choti waichita ndi mayi.
2. Munthu wosauka, ngakhale wosadziwa kulemba, ali ndi ufulu wonena maganizo ake.
3. Mpingo uli ndi udindo woima pamodzi ndi oponderezedwa.

Mafunso okambirana mu Mphakati
1. Werengani Ntchito za Atumwi 9:36-42. N'chifukwa chiyani amasiye aja anaonetsa Petro zovala zimene Tabita anasoka?
2. Ndani anapeta nsalu za pa guwa m'tchalitchi chathu? Kodi maina awo timawadziwa?
3. Pogula zopetapeta kwa amayi, kodi mtengo umene timapereka umalingana ndi masiku amene agwira ntchitoyo?

Zoti tichite
Mphakati uliwonse ulembe maina a amayi aluso a m'dera lake, ndipo uwapereke kwa a komiti ya chitukuko ya parishi mwezi uno usanathe.